Pini ya Kudzanja Lamanja

Envulopu ija inafika Lolemba m'mawa, yopanda sitampa, yopanda dzina la wotumiza. Wina anangoilowetsa pansi pa chitseko n'kudzipitira. Pofika masana inali itasokoneza nyumba yonse, koma amene inamubaya pamtima anali Mzime, mwana womaliza wa m'nyumbamo, yemwe ngakhale anali mayi wamkulu wogwira ntchito, palibe amene ankadzivutitsa n'kumuitana dzina lake lenileni.

Loweruka la sabata yomweyo amalume a chibwenzi chake ankayembekezeka kudzakambirana za ukwati. Mipando inali itabwerekedwa kale, makatani atachapidwa. Mnyamatayo ankagwira ntchito yomasulira zikalata pakati pa Chiarabu ndi Chifalansa, ndipo m'nyumbamo ankangomutcha Magalasi, dzina limene anamupatsa mlamu wake wa Mzime tsiku loyamba lomwe anamuona.

Bambo ake a Mzime anali mphunzitsi wopuma pa ntchito, munthu wosakhulupirira kanthu kosalembedwa. Anamuitanira pabalaza. Patebulo panali mapepala awiri olumikizidwa ndi pini ya sitepula. Lapamwamba linali lotayipidwa bwino m'Chifalansa, lapansi linali fotokope ya chikalata cha Chiarabu chodzaza zidindo. Mkuluyo anayesa kutembenuza pepala, likukana, mpaka anadandaula kuti ndi munthu wanji amene amabaya pini kudzanja lamanja, kuti pepala lizitseguka chobwerera.

Kenako anawerenga ndi mawu awo a m'kalasi, osathamanga, osasiya ngakhale kadontho. Inali satifiketi ya ukwati wa zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo. Dzina la mkwati linali la Magalasi, pamodzi ndi la bambo ake ndi tsiku lake lobadwa. Dzina la mkwatibwi Mzime anali asanalimvepo, koma linamukakamira m'mutu nthawi yomweyo.

"Ndakupatsa mpaka Lachisanu, khumi ndi ziwiri koloko masana," anatero bambo ake akupinda mapepalawo. "Ngati pepalali likunena zoona, anthu ajawo asaponde pakhomo pano. Sindinaphunzitse mwana kuti akakhale wachiwiri."

Mzime anagwira njakata. M'nyumba monsemo munalibe wodziwa ngakhale chilembo chimodzi cha Chiarabu. Munthu yekhayo amene iye ankamudziwa kuti angawerenge chikalatacho anali yemwe chikalatacho chinkamuimba mlandu.

*

Uthenga wa Magalasi unabwera madzulo a tsiku lomwelo: "Waswera bwanji, mkazi wa Loweruka?" Masiku onse mawu otere ankamuseketsa Mzime yekhayekha. Tsikuli anawayang'ana nthawi yaitali, akudzifunsa kuti kodi analipo mkazi wa Lachinayi. Anangoyankha kuti aonane mawa pamalo awo a masiku onse.

Malowo anali kanyumba komwera tiyi pansi pa ofesi ya Magalasi. Chaka chonse cha chibwenzi chawo Mzime anali asanakwerepo masitepe opita ku ofesiyo. Magalasi ankati ndi kachipinda kopanikiza, kodzaza zinsinsi za anthu, ndipo iye anavomera mosavuta, poti munthu akakonda makutu amafewa. Lachiwiri limenelo masitepewo anawayang'ana ndi diso lina.

Mapepala aja anali m'chikwama, koma sanawatulutse. Anaganiza zomuyesa kaye. Atangoika shuga m'tiyi, anafunsa ngati wongocheza kuti kodi womasulira angathe kunama.

Funso limenelo kwa Magalasi linali ngati kuponyera nkhuku chimanga. Anakankhira kapu pambali n'kuyamba. Anati Chifalansa ndi chilankhulo chokonda kutseka mipata yonse, chilichonse chizikhala pamalo pake, pomwe Chiarabu chimalembedwa chosiya timawu tina kuti wowerenga adzazemo yekha, moti umayenera kumvetsa nkhani kaye kuti uiwerenge bwino. Anati china chimayenda kuchokera kumanzere, china kumanja, ndipo iye akatopa amatsegula ngakhale nyuzipepala chakumbuyo. Anaseka kuti Chiarabu chimasiyanitsa mchimwene wa mayi ako ndi mchimwene wa bambo ako, koma Chifalansa chimangowaunjika m'mawu amodzi, ndiye pa nkhani za chuma cha masiye womasulira waulesi angathe kupatsa nyumba munthu wolakwika. Anamaliza kuti womasulira sachita kunama, amangosiya kanthu kamodzi, bodza n'kudzipanga lokha.

"Nanga iweyo unayamba wasiyapo kanthu?" anafunsa Mzime.

Magalasi anavula magalasi ake n'kuyamba kuwapukuta ndi mpango. Mzime ankachidziwa chizolowezi chimenecho. Ankatero akasowa mawu.

"Pa ntchito ayi," anatero.

Yankho limenelo linamukumbutsa Mzime tsiku limene anakaonekera kwa amayi ake a Magalasi, mayi wamasiye wolankhula Chiarabu chokha. Mayiyo anamugwira manja onse awiri, akumwetulira, n'kulankhula nthawi yaitali mpaka tiyi anazizira. Magalasi anangomasulira kuti: akuti takulandirani. Tsikulo Mzime anaseka, akuganiza kuti Chiarabu ndi chilankhulo chozungulira. Lero sizinamuseketse.

Asanafunse china, panatulukira mkazi amene ankagwira naye ntchito Magalasi mu ofesi imodzi. Aliyense ankamutcha Wapazenera chifukwa desiki yake inali pazenera loyang'ana mumsewu, ndipo Mzime anali atakumana naye kawiri kokha. Anali wamtali, wodekha, wa mawu ofewa amene amapsetsa mtima mkazi mnzake popanda chifukwa chogwirika. Ndiye amene Magalasi anamupempha kuti adzamasulire Loweruka, poti amalume ake sankamva Chifalansa, ndipo mkwati sangadzimasulire yekha pa zokambirana za ukwati wake.

Wapazenera anapereka moni waulemu, n'kuika mulu wa mapepala patebulo kuti Magalasi asainire. Anauza Mzime kuti asade nkhawa za Loweruka, iye adzanena zonse monga mmene zilili. Mzime sanamve bwino mawuwo chifukwa maso ake anali pa mapepala. Lililonse linali ndi pini kudzanja lamanja. 

*

Mlamu wake anamupeza m'chipinda akusita makatani omwe anali atasitidwa kale. Anatseka chitseko, n'kumulanda simbi asanawotche nsalu za eni. Mzime anamufotokozera za pini ija.

Mlamuyo sanachedwe kuweruza, poti ndi mmene analili. Anati nkhaniyo ndi yoonekeratu: mkazi wokhala ndi mwamuna mu ofesi imodzi tsiku lonse, kumwera m'ketulo imodzi, angasangalale bwanji kumva kuti akukwatira wina? Anati iye mawu ofewa ajawo sanawakhulupirirepo. Koma anawonjezera kuti wotumiza envulopu akhoza kukhala wansanje, pepala n'kukhalabe loona, ndipo zimenezo n'zimene Mzime sankafuna kumva.

"Mlamu, ingomufunsani maso ndi maso," anatero. "Akakana, mumuonera pamphuno."

"Munthu amene amadyera mawu?" anayankha Mzime. "Andimasulira mpaka ndipepese ndine. Ndikufuna pepalalo lilankhule lokha kaye."

Anali atafika poti ngakhale mlamu wakeyo ankamuyang'ana mokayika, akukumbukira kuti mlamuyo ali ndi mchimwene wake wosakwatira amene ankamutchulatchula. Anachita manyazi ndi ganizo limenelo, koma silinachoke. Mlamuyo, osadziwa kuti naye ali pa mlandu, anamuuza za mkulu wina womasulira wolumbira, amene anamuthandizapo pa zikalata za sukulu. Ofesi yake inali pamwamba pa sitolo ya nsapato, kutsidya kwa tauni, kutali ndi anzake a Magalasi.

*

Mkuluyo anali wamfupi, wa ndevu zoyera, ndipo chidindo chake ankachimangirira pa chingwe m'khosi ngati wina angamubere. Analandira mapepala aja Lachitatu m'mawa, n'kuwayala pansi pa nyali. Mzime anamupempha kuti angomuuza pakamwa zimene zalembedwa, mwachidule.

Anakana kwamtuwagalu. Anati iye pa zaka makumi atatu sanamasulirepo chikalata pakamwa, chifukwa mawu a pakamwa munthu amamva amene akufuna kumva. Lamulo la ntchito yake linali limodzi: inki iliyonse imene ili papepala imasuliridwe. Zidindo, zofufutidwa, zolembedwa m'mphepete, ngakhale zosawerengeka amalemba kuti apa sipakuwerengeka. Anamuuza kuti abwere Lachisanu m'mawa.

Mzime anati Lachisanu masana ndiye moyo wake ukutha kapena kuyamba. Misozi inalengeza, ndipo anadana nayo, chifukwa sankafuna kulira pamaso pa munthu wachilendo. Mkuluyo anamuyang'ana pamwamba pa magalasi ake, n'kumukankhira mapepala.

"Mayi, sindikuuzani kanthu. Koma kuwerenga manambala mumatha. Tawerengani zidindo pa la Chiarabuli."

Zinali zinayi. Pa la Chifalansa, pamene womasulira amalemba kuti apa pali chidindo, panatchulidwa zitatu. Kenako chala cha mkuluyo chinayenda m'mphepete mwa fotokope ija, pamene panali mizere iwiri yolembedwa pamanja, yopendekera, pafupi ndi chidindo chachinayicho. Mzime ankaiona ngati kukanda chabe. M'Chifalansa munalibe mawu alionse onena za m'mphepete.

Anamuonetsanso kuti pepala la Chifalansalo linadulidwa ndi sizasi m'munsi, pamene pamakhala tsiku ndi dzina la womasulira, ndipo pakona pake panali timabowo tiwiri tadzimbiri ta pini yakale. Za pini yatsopanoyo anangoti wobayayo ndi munthu amene maso ake amayambira kumanja, koma dzanja lake silinazolowere sitepula, poti anabaya kawiri. Mzime anamva mbali yoyamba yokha. Mumtima mwake Wapazenera anali atagamulidwa kale.

*

Lachinayi linakhala lalitali ngati mzere wa kuchipatala. Magalasi anatumiza mauthenga asanu ndi awiri. Woyamba unali wanthabwala, wachitatu unafunsa ngati walakwa kanthu, womaliza unangoti: "Mzime, ukundiopsa." Iye anayankha kuti watanganidwa ndi makatani. Anamumvera chisoni, ndipo chisonicho chinamukwiyitsa, chifukwa sankadziwa ngati akumvera chisoni munthu wosalakwa kapena katswiri.

Patebulo bambo ake anangofunsa mlamu uja ngati eni mipando angavomere kuilandira isanagwire ntchito.

*

Lachisanu Mzime anafika ku sitolo ya nsapato isanatsegulidwe. Atamudikiritsa maola angapo, mkulu uja anamupatsa pepala lotayipidwa, lokhala ndi chidindo chake, n'kumusiya awerenge yekha. Zonse zinali monga anawerengera bambo ake, mpaka pa mzere womaliza: zolembedwa m'mphepete pamanja, ukwatiwu unathetsedwa ndi khoti patatha miyezi isanu ndi itatu, onse awiri atagwirizana. Chidindo chachinayi chinali cha khotilo.

Anakhala pansi. Magalasi analibe mkazi. Mtima unakhala pansi kwa kanthawi kochepa, kenako mkwiyo unakwera m'malo mwake. Chaka chathunthu munthu ankamuuza za mphaka amene anali naye ali mwana, za dzino limene anachotsa, koma za ukwati wa miyezi isanu ndi itatu anangoti zii.

Anafunsa ngati ndiye kuti la Chifalansa lija ndi labodza. Mkuluyo anapukusa mutu. Anati ntchitoyo ndi yaukhondo, ya munthu wodziwa, kungoti ndi yakale: inamasuliridwa ukwati udakalipo, m'mphepete musanalembedwe kanthu. Wina anangoichotsa pa chikalata chake chakale n'kuibaya pa chatsopano, podziwa kuti kunyumba kwa Mzime awerenga la pamwamba lokha.

Nthawi inali itadutsa khumi ndi imodzi. Mzime akanatha kuimbira bambo ake pomwepo, mipando n'kukhala. Koma anaganiza kuti asanatero akamuyang'ane kaye Magalasi m'maso, amukalipire mokwanira, amukhululukire ngati angapemphe bwino, ndiponso amuuze kuti mkazi wa pazenera uja asayerekeze kuponda kwawo mawa. Anakwera basi mapepala ali pachifuwa.

*

Masitepe aja anawakwera kwa nthawi yoyamba. Anali opapatiza, onunkha inki ndi fumbi la mapepala. Pamwamba panali chitseko chobiriwira, ndipo pachitsekopo panakhomedwa chikwangwani chamkuwa chokhala ndi mayina awiri, Chiarabu kumanja, Chifalansa kumanzere. Loyamba linali la Magalasi. Lachiwiri analiwerenga kawiri, kenako anatsegula pepala la mkulu uja n'kuyerekeza chilembo ndi chilembo. Linali dzina lomwe linamukakamira m'mutu Lolemba.

Ndiye chifukwa chake ofesiyo inali yopanikiza. Mkazi amene ankamwera naye Magalasi m'ketulo imodzi anakhalapo mkazi wake. Ndipo mawa mawu onse a pakati pa bambo ake ndi amalume aja akanadutsa m'kamwa mwa mkazi ameneyo.

Sanagogode, chitseko chinatseguka chokha. Wapazenera anamuyang'ana, n'kuyang'ana mapepala, n'kuyang'ana chikwangwani. Sanadabwe. Anapatuka kuti mlendo alowe. Magalasi anadzuka pa desiki yake mofulumira mpaka mpando unagwa.

Mzime anayala mapepala onse atatu pa desiki ya pazenera. Sanakweze mawu. Anauza mkaziyo kuti ntchito yake waiona, ndipo ngati ankafuna mwamuna wake wakale akanangonena, osavutitsa mkulu wopuma pa ntchito ndi maenvulopu a pansi pa chitseko.

Wapazenera ananyamula pepala la Chifalansa lija n'kuliyang'ana polowera kuwala. Anati akulidziwa, amene analimasulira ndi Magalasi yemweyo, sabata ya ukwati wawo. Koma iye analibweza tsiku limene khoti linawalekanitsa, pamodzi ndi mphete ndi makiyi. Anati anamuuza mwamunayu kambirimbiri kuti aulule, ndipo anavomera zomasulira Loweruka pokhapokha atalonjeza kuti anena lisanafike tsikulo.

"Pini yanga sindibaya kawiri, achemwali," anatero. "Afunseni eni ake kumene analisunga."

Mzime anatembenuka. Magalasi anali atavula kale magalasi, mpango uli m'manja. Anayamba kunena kuti ankaopa, kuti tsiku lililonse ankati anena mawa, kuti ukwatiwo sunali kanthu. Mzime anamudula.

"Sindinakufunseni zimenezo. Pepalali linkakhala kuti?"

Mawu aulemuwo anamulasa kuposa mbama, chifukwa chiyambire chibwenzi anali asanamvepo Mzime akumulemekeza chotero. Anayang'ana pansi.

"M'bokosi la amayi anga. Zikalata zonse za banja amasunga ndi iwo."

 Mzime anakumbukira mawu a mkulu uja, mbali imene sanafune kuimva: maso oyambira kumanja, dzanja losazolowera sitepula. Anakumbukira manja ofunda amene anagwira ake, ndi kumwetulira kosatha kuja. Sabata yonse ankakayikira aliyense, mpaka mlamu wake wosalakwa, koma mayi amene anamudzazira tiyi katatu sanamuganizirepo.

Foni inayamba kulira m'chikwama. Wotchi ya pakhoma inkanena khumi ndi ziwiri, ndipo bambo ake sankachedwa ngakhale ndi mphindi.

"Tsiku lija amayi anu analankhula mpaka tiyi anazizira," anatero Mzime pang'onopang'ono. "Inu munati akuti takulandirani. Ananena chiyani?"

Magalasi anapitiriza kupukuta magalasi owala kale.  Wapazenera anakoka mpando n'kuuika pafupi ndi Mzime.

"Khalani pansi, ndikumasulireni ine," anatero ndi mawu ake ofewa aja. "Sindinalipo, koma mawuwo ndikuwadziwa. Anandiuzanso ine, atandigwira manja onse awiri."

Mzime anatulutsa foni n'kuyankha. Bambo ake sanapereke ndi moni womwe. Anangofunsa ngati mipando ikhale kapena ibwerere.

"Bambo, pepala lija ndalimasulitsa, mwamunayu alibe mkazi," anatero, maso ali pa Magalasi. "Koma musawauze kaye amalume aja kuti abwere. Pali chimodzi chimene sichinamasuliridwe."

Anazimitsa foni n'kukhala pa mpando uja.